Masitepe a ku Mer de Glace

Ambiri a ife amene tili kuno ku Mangalande timapeza ya lendi ndi yotumiza kumudzi posamalira okalamba a eni dziko. Timawasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala, ndi kumvetsera nkhani imodzimodzi kasanu pa tsiku ngati kuti tikuimva koyamba. Kawirikawiri ntchito imeneyi imamutsekera munthu m'nyumba imodzi, kumangozungulira pakati pa khitchini, bafa ndi chipinda chogona. Koma ine idanditengera, kamodzi kokha, kumalo amene sindidalotepo kuti phazi langa lingakapondeko: m'mapiri a Alps ku France, m'mphepete mwa mtsinje wa ayezi wotchedwa Mer de Glace. Udali mwezi wa Seputembala chaka cha 2022. Nkhaniyi ndakhala ndikuifotokoza mwa zidutswazidutswa tikakumana pa zinkhoswe ndi pa maliro, ndipo lero ndati ndiikhalire pansi.

Amene ndinkawasamalira ndiwatchula kuti Madala, pakuti dzina lawo si langa kuti ndiligawe pagulu. Adali ndi zaka 86, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, wamtali, wouma mutu, ndipo mtima wawo udali utatopa. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathera akangoyenda kuchoka pampando kukafika pakhomo, ndipo mutu udali utayamba kuchita zibowo ngati mkeka wakale. Ndidakhala nawo m'nyumba zaka zitatu. Tsiku lina, nditawamanga bala la pamwendo, adandifunsa kumene ndidaphunzira kumanga mabala chotero. Ndidawauza kuti kwathu ndidali namwino, ndipo dipuloma yanga ili pansi pa sutikesi, pamodzi ndi mapepala olembetsera unamwino kuno amene sadafike pamapeto. Nkhani ya mapepala amenewo sindiitambasula. Ambiri a inu muli ndi sutikesi yofanana nayo. Kuchokera tsiku limenelo Madala adasiya dzina langa n'kumandiitana kuti Anesi. M'dziko lonse lino ndi iwo okha amene adanditchulapo choncho, ndipo ngakhale masiku amene ankaiwala ngati adya kapena ayi, ichi chokha sankachiiwala.

Pashelefu ya pabalaza padali chithunzi chakuda ndi choyera cha chaka cha 1961. Mnyamata ndi mtsikana ataima pa ayezi wokhala ndi mafunde ngati nyanja, atamangana chingwe m'chiuno, kumbuyo kwawo kuli nsonga ya phiri yosongoka ngati mkondo. Adali iwo ndi malemu mkazi wawo, asanakwatirane. M'mawa uliwonse, ine ndikulimbana ndi masokosi othina aja oletsa kutupa, ankandisimbira momwe adatsikira kuchoka pahotela ndi kanjira kakafupi n'kukaponda ayeziyo, ndi momwe mtsikanayo adaterera n'kuwakokera pansi nawonso. Ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti tsiku lina adzandionetsa. Ine ndinkangoti, "Chabwino, bambo, tukulani phazi."

Mliri wa Covid utatha mphamvu, mwana wawo wamkazi adati ngati ulendowo uchitike, uchitike chaka chomwecho. Dokotala adavomera monyinyirika, n'kutipatsa malire: asagone pamalo okwera kwambiri, asadzikakamize kuyenda, ndipo mpweya wa m'magazi ukatsika n'kukana kubwerera, titsike nawo msanga. Amene adapatsidwa udindo woyang'anira malirewo ndine. M'chikwama changa mudali mapiritsi okodzetsa, magolovesi a kuntchito, matewera a akuluakulu, ndi kachipangizo kopana kuchala koyezera mpweya m'magazi.

Tidakwera ndege mpaka ku Geneva, ndipo kuchoka kumeneko galimoto idatha ola limodzi ndi mphindi zingapo kukafika ku Chamonix. Tauni imeneyi ili pamalo okwera mamita 1,035 kuchokera pa nyanja yamchere, pafupifupi chimodzimodzi ndi Blantyre. Kusiyana kwake ndi chimene chili pamwamba pake. Ine ndidakulira ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo ndinkadziyesa wodziwa mapiri. Sapitwa ndi mamita 3,002. Phiri la Mont Blanc, limene laweramira Chamonix, limapitirira mamita 4,800, ndipo pamwamba pake ndi poyera chaka chonse. Madzulo a tsiku loyambalo ndidaima pakhonde la nyumba imene tidafikira, khosi litapindikira kumbuyo, ngati mwana wakumudzi amene wafika m'tauni koyamba.

Kwathu tilibe mawu a chinthu chimene tidapitira, chifukwa chinthucho tilibe. Azungu amati glacier. Pamwamba penipeni pa mapiri amenewa, sinowo amene wagwa m'nyengo yozizira satha kusungunuka yense dzuwa likabwerera. Chaka chotsatira wina amagwera pamwamba pake, ndipo zimatero zaka ndi zaka, wapamwamba akupsinja wapansi, mpaka mpweya wa pakati utafinyidwa n'kutsala ayezi wolimba. Akalemera kwambiri, ayeziyo amayamba kutsetsereka yekha kulowera kuchigwa, monga limachitira phala lolimba pa mbale yopendekeka. Ndi mtsinje ndithu, koma mtsinje umene kumunsi kwake suyenda mamita okwana 100 pa chaka chathunthu. Kumtunda umalandira sinowo, kumunsi umasungunuka. Nditamva zimenezi ndidakumbukira tchati chimene timapachika pabedi la wodwala, cholembapo madzi olowa m'thupi mbali iyi ndi otuluka mbali inayo. Namwino aliyense amadziwa tanthauzo lake otuluka akamaposa olowa tsiku ndi tsiku.

Mer de Glace ndiwo waukulu mwa mitsinje yotereyi m'dziko la France, ndipo dzinali limatanthauza Nyanja ya Ayezi. Kukafikako mumakwera kasitima kofiira kamene kamanyamuka kuseri kwa siteshoni yaikulu ya Chamonix. Njanji yake ili ndi mzere wachitatu pakati, wokhala ndi mano amene gudumu la sitima limaluma kuti isabwerere m'mbuyo pachitunda. Idatha kumangidwa mu 1909. Isanabwere, alendo ankakwera pa nyulu kapena wapansi. Ndi makilomita 5 okha, ulendo wa mphindi 20, koma mumakwera mamita pafupifupi 900, kudutsa m'nkhalango ya paini mpaka pamalo otchedwa Montenvers, pa mamita 1,913. Pamenepo mpweya umene munthu amakoka umakhala utachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Wathanzi sazindikira n'komwe. Anzanga a m'sitima maso adali pazenera. Anga adali pa chala cha Madala. Tikunyamuka kachipangizo kankasonyeza 95, ndipo tikufika kadali pa 92.

Tidawakankha pachikuku chawo mpaka pakhonde loonera. Adagwira chitsulo n'kudzikoka okha kuimirira, chinthu chimene kunyumba ankadikira kuti ndiwathandize. Adayang'ana kumene chithunzi chija chidawauza kuti ayang'ane. Kudalibe kanthu, mphepo yokhayokha. Adatsitsa maso pang'onopang'ono, kutsata khoma lotuwa la miyala ndi mchenga, mpaka pansi penipeni pa chigwa, pamene padagona chinthu chotuwa ngati msewu umene makontilakitala adauthawa usanathe. Ayezi adali kunsi kwa miyalayo. Woyera ankaonekera kutali kumtunda, kumene chigwa chimakhotera.

"Anesi," adatero, "tatsika pa siteshoni yolakwika."

Mwana wawo adaseka pang'ono, kenako adatembenuka n'kumafunafuna m'chikwama kanthu kamene sikadali m'menemo. Ine ndidatulutsa chithunzi chimene tidabwera nacho, n'kuwalozera nsonga yosongoka ija tsidya lina la chigwa, imene imatchedwa Les Drus. Adayang'ana chithunzi, adayang'ana phiri, kangapo konse. Nsongayo adaivomera, koma adati nayonso wina waisema. Sadaname. Mbali yake yoyang'ana kwa ife ili ndi chipsera chachikulu choyererako, pamene mu 2005 padagumuka chipilala cha thanthwe chimene Walter Bonatti wa ku Italy adakwera yekhayekha masiku 6 mu 1955. M'ming'alu ya matanthwe okwera chotero mumakhala ayezi amene amagwira miyala ngati simenti, ndipo akasungunuka phiri limayamba kuthothoka. Madala ankadziwa dzina la Bonatti, chaka chake, ndi mbali imene adadzera. Dzina la mankhwala amene adamwa m'mawa womwewo sakadalitchula.

Tidakakhala pakhonde la hotela yakale ya miyala, yomangidwa mu 1880, kuti apume. Zimene ndikulemba apazi zina ndidazitola pa zikwangwani za pamalopo, zina kwa Madala eni ake, zina ndidawerenga titabwerako. Padali nthawi imene anthu a m'chigwachi ankauopa mtsinje umenewu chifukwa unkakula. M'zaka za m'ma 1600 udatsika mpaka kuminda, kukwirira nyumba ndi msipu, mwakuti mu 1644 anthu adaitana bishopu wa ku Geneva kuti adzaupempherere uleke. Ife a ku Phalombe amene tidaona napolo wa 1991 sitingawaseke anthu amenewo. Phiri likamatsikira pamudzi, munthu amaitana aliyense amene angamve. Mu 1741 Angelezi awiri, William Windham ndi Richard Pococke, adakwera kudzauona, ndipo zimene zidasimbidwa za ulendo wawo ndizo zidatsegula njira ya alendo. Mpaka cha m'ma 1850 mapeto ake ankaoneka munthu ali m'chigwa, pafupi ndi mudzi wa Les Bois. Kuchokera nthawi imeneyo wabwerera m'mbuyo makilomita oposa 2, ndipo kunsi kwa Montenvers waphwa pafupifupi mamita 100 kungoyambira cha m'ma 1990. Chifukwa chake n'chodziwika: dziko latentha ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, ndipo mapiri a Alps atentha mofulumira kuposa madera ambiri. Chilimwe cha 2022 chomwecho chidali choopsa. Mu Julaye, miyezi iwiri ife tisanafike, chibuma cha ayezi chidagumuka pa phiri la Marmolada ku Italy n'kupha anthu 11.

Chimodzi chidandigwira mtima kuposa manambala onsewa. Mukayang'ana kumtunda, kumene ayezi adakali poyera, mumaona mizere yokhota, wina woyera wina wakuda, motsatizana ngati mizere ya m'munda. Imatchedwa ndi dzina la James Forbes, katswiri wa ku Scotland amene adayeza kayendedwe ka mtsinjewu mu 1842. Imapangika pamalo ena kumtunda pamene ayezi amatsika phompho n'kusweka: amene wadutsapo m'chilimwe amatola fumbi n'kuda, amene wadutsapo m'nyengo yozizira amatsala woyera. Mizere iwiri ndiye chaka chimodzi. Ndipo yakhota chifukwa pakati pamayenda msanga kuposa m'mbali, monga mtsinje wina uliwonse. Madala, pokhala mphunzitsi wa masamu, adayamba kuiwerenga ndi chala, adasokonezeka pa 9, adayambiranso.

Tili pakhondepo pankafika anthu a nsapato zafumbi ndi ndodo ziwiriziwiri. Kwa inu amene miyendo idakali yanu, sitima si njira yokhayo. Ena amakwera wapansi kuchokera ku Chamonix kudutsa m'nkhalango, ulendo wa maola awiri ndi theka kapena atatu. Ambiri amakwera chikepe cha pachingwe chopita ku Aiguille du Midi, n'kutsikira pa siteshoni yapakati ya Plan de l'Aiguille, pa mamita oposa 2,300, kenako n'kutsata kanjira kotchedwa Grand Balcon Nord, kodula m'mbali mwa phiri, chigwa chonse chili pansi kudzanja lamanzere, mpaka kudzatulukira pamwamba pa Mer de Glace. Nako n'ka maola awiri ndi theka, ndipo kamayendeka bwino kuyambira chakumapeto kwa Juni mpaka Seputembala, sinowo atachoka. Koma kukaponda pa ayezi penipeni ndi nkhani ina. Pali ming'alu yakuya, ndipo miyala imagwa kuchokera m'makoma amene ayezi wawasiya opanda chowachirikiza. Opita kumeneko, ndi ku tinyumba togona okwera mapiri monga Couvercle ndi Requin, amamanga zitsulo zaminga kunsi kwa nsapato, ndipo wanzeru amalemba womutsogolera. Bungwe la otsogolera la ku Chamonix lidayamba kale mu 1821. Nthawi imene tidapitayo anthu otere ankatsikira pa makwerero achitsulo okhomedwa pathanthwe, amene ankawonjezeredwa kunsi ayezi akamaphwa.

Kwa alendo wamba ngati ife kudali phanga. Kuyambira mu 1946 anthu akhala akuboola phanga m'mbali mwa ayezi, ndipo amalisemanso chaka ndi chaka chifukwa lakale limakhala litayenda ndi mtsinje. Kuchoka pa Montenvers munkatsika ndi kachikepe ka pachingwe kamene kadamangidwa mu 1988. Chaka chimenecho kankakutulani pafupi ndi ayezi, kutsala masitepe owerengeka chabe. Pofika mu 2022 masitepewo adali atapitirira 500, kutsika kokha.

"Tiyeni," adatero Madala, akufunafuna ndodo.

Ndidawalola kuimirira ndi kuyenda mapazi 20 pamalo athyathyathya, kenako ndidawapana chala. 87, ndipo milomo idali itayamba kuda m'mbali. Nditawakhazika pansi kadakwera pang'onopang'ono kubwerera pa 92. Mwana wawo adandiyang'ana ndi maso opempha. Adanong'ona kuti mwina tingatsike nawo masitepe 50 okha, mwina tipeze anyamata awiri awanyamule. Ndidamumvetsa. Adali atawononga ndalama zambiri, ndipo ankadziwa, monga ndinkadziwira ine, kuti ulendo wachiwiri kulibe. Koma mtima wotopa suvutika potsika, umagonja pokwera. Ndidaona m'maganizo mwanga nkhalamba itagwa pakati pa masitepe, mbali iyi thanthwe mbali inayo phompho, ine ndikuipopa pachifuwa alendo akujambula.

"Bambo, simutsika," ndidatero.

"Wanena ndani?"

"Ndanena ndine."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adalankhula modekha, ngati akukonza samu ya mwana wasukulu. Adati ine ndine wantchito wolipidwa pa ola, ndipo sindidabwere kudzalamula. Dzina la Anesi silidamveke. "Ndipo popeza ndinu wantchito," adatero, "pitani mukanditengere."

Inu amene mumagwira ntchitoyi mukudziwa kuti mawu otere timawameza kangati pa mwezi, n'kumadziuza kuti ndi matenda akulankhula. Nthawi zina amakhaladi matenda. Tsiku limenelo sadali matenda. Adali munthu amene wadikira zaka 61 n'kupeza chitseko chatsekedwa ndi mayi wa ku Phalombe. Zidandiwawa ndithu, sindibisa. Koma dipuloma ili pansi pa sutikesi ija idandiphunzitsa kuti kuli bwino wodwala akude ali moyo. Ndidawafunditsa bulangete m'miyendo, ndidasiyira mwana wawo kachipangizo kaja pamodzi ndi nambala imene ikaoneka asadikire ine koma aitane thandizo, ndipo ndidapita kukakwera kachikepe.

Masitepe ake adali achitsulo, omangiriridwa kuthanthwe, okhotakhota. Thanthwelo ndi losalala ngati mphero, lokhala ndi mizere yokandika imene ayezi adasiya pokhukhuza miyala. Pathanthwepo adakhomapo tizikwangwani tosonyeza pamene ayezi ankalekezera chaka chakutichakuti. Ndidaima pa ka 1990 n'kuyang'ana pansi. Ayezi adali kutali ngati munthu waima padenga la nyumba yosanjikizana ka 30. Mu 1990 ndidali ndi zaka 10, ndili mu Sitandade 4, ndikupita kusukulu ndi mbatata yootcha m'thumba. Sindidapite kumeneko kukawerenga moyo wanga pa thanthwe la eni, koma manambala a zaka ali ndi khalidwe lotero: amakufunsa kumene udali.

Pa 2001 ndidali nditangovala yunifolomu yoyera koyamba, mayi atagulitsa mbuzi ziwiri. Pa 2005 ndidaima nthawi yaitali. Chimenecho ndicho chaka chimene ndidanyamuka pa Chileka, nditawauza mayi kuti ndikakhala zaka ziwiri, zikachuluka zitatu. Kuchokera pa kachikwangwani kameneko kukafika pansi, masitepe adali ochuluka kuposa momwe ndinkayembekezera, ndipo zonse zimene zidali pakatipo, ayezi wodzaza chigwa kuchoka khoma ili kukafika linalo, zidasungunuka ine ndili m'mabafa a eni ndikuyeza kutentha kwa madzi ndi chigongono. Pa 2010 bambo anga adamwalira. Maliro ndidawamvera pa foni, chifukwa mapepala anga adali asanatuluke ndipo ndikadachoka sindikadaloledwa kubwerera. Pa 2015 ndidayesa kukumbukira chimene chidachitika chaka chimenecho, koma sindidapeze kanthu, mashifiti okhaokha.

Pamwamba paja ndidawamvera chisoni Madala poganiza kuti ayezi awadikira pamene adamusiya. Pamasitepepo chisonicho chidanditembenukira. M'mutu mwanga mayi adakali ndi msinkhu umene ndidawasiya nawo pa Chileka, akusenza ndowa kuchokera kumjigo osagwirira. Pofika nthawi imeneyo ndidali nditapitako kawiri kokha, milungu itatu itatu, ndipo mlendo saona kuphwa kwa zinthu. Amamuphera nkhuku n'kumubisira ndodo kuseri kwa chitseko.

Pansi penipeni padali kamlatho kolowera kuphanga. Pamwamba pa khomo lake adayalapo malona oyera kuti dzuwa lisadye ayezi msanga, monga timafunditsira wodwala. Kunja ayeziyo ndi wakuda ndi mchenga. Mkati ndi wa buluu wowala, muli timathovu ta mpweya totsekeredwa ndi timiyala tolendewera ngati tili m'galasi. Kudenga kunkadontha, ndipo kwinakwake kunsi kwa mapazi madzi ankalindima. Amenewo ndiwo amatuluka kukhala mtsinje wa Arveyron, n'kulowa mu Arve, n'kukathira mu Rhône ku Geneva komwe tidatera kuja. Ndidaika chikhatho pakhoma mpaka chidachita dzanzi. Sinowo amene adapanga ayezi ameneyu adagwa kumtunda Madala asanabadwe. Amene iwo ndi mtsikana uja adapondapo mu 1961 adasanduka madzi kalekale, n'kutsika ndi Rhône kupita ku nyanja ya Mediterranean.

Pafupi ndi khomo padali zibenthu zimene zidagwa pakhoma. Ndidatola chimodzi chachikulu ngati chibakera changa, ndidachilowetsa m'golovesi la kuntchito, ndidavekanso lachiwiri pamwamba, n'kumanga pakamwa.

Za kukwerako ndinena zochepa. Ndidali ndi zaka 42 ndi thupi la munthu amene wakhala zaka zambiri akudya mabisiketi pa shifiti ya usiku. Ndidapuma pa 2015, ndidapuma pa 2010, pa 2005 ndidakhala pansi ndithu. Ana asukulu adandipitirira akuseka zawo. Golovesi linkafewa m'manja, madzi akuchuluka mkati, ndipo nthawi iliyonse ndikaima ndinkadziwa kuti ndikupuma ndi katundu wa mwini.

Ndidawapeza ataloza nkhope kuphiri, osalankhula ndi mwana wawo. Ndidamasula golovesi, ndidakhuthula madzi, ndipo chimene chidatsala chidali ngati dzira la nkhuku. Ndidatsegula dzanja lawo n'kuikamo. Adadzidzimuka ndi kuzizira, kenako adafumbata. Adachikweza kudzuwa, adachitembenuza, adaona kamwala kakuda kali mkati.

"Ndi wauve," adatero. "Wa nthawi yathu adali woyera."

"Ndi amene alipo, bambo."

"Masitepe angati?"

"Ndidasiya kuwerenga pa 400."

Adapukusa mutu ngati ndalephera mayeso. Kenako adandiyang'anitsitsa, thukuta likutsika m'khosi, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ndi dzanja linalo adatenga kachipangizo kaja pa miyendo pawo, adakoka chala changa, n'kuchipana mozondoka. Mwana wawo adakatembenuza. Mtima wanga unkagunda ka 128 pa mphindi.

"Anesi," adatero, "khalani pansi. Simuli bwino."

Pepani sadanene, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika madzulo adali ataiwala kuti padali choti apepese. Adamwalira mu Novembala 2023, kunyumba kwawo, pabedi lawo, ine ndili pambali. Ntchito itatha choncho ndidapita kumudzi, ulendo uno miyezi itatu, koma ya kumeneko ndi nkhani ya tsiku lina. Mu Febuluwale 2024 ku Montenvers adatsegula chikepe chatsopano chimene chimatsikira chakumtunda, kumene ayezi adakali wochindikala, ndipo masitepe adachepa kwambiri. Mwana wawo adanditumizira uthenga wa nkhaniyi, n'kufunsa ngati pamenepo ndikadawalola. Ndidamuyankha kuti ayi, ngakhale amenewo sindikadawalola.

Tsiku lija tidatsika ndi sitima ya chakumadzulo. Madala adakana kutaya chibenthu chawo, adakananso kuti ndichibwezere m'golovesi. Adachifumbata pa bondo, ndipo tisanalowe m'nkhalango adali atagona, mutu utatsamira zenera. Kachipangizo kadakwera, 93, 94, 95. Titayandikira Chamonix mwana wawo adaona chigamba chonyowa pa thalauza, chotsika kuchoka pantchafu mpaka pabondo. Adandikodola n'kunong'ona, akuyang'ana anthu a pampando wina, kuti kodi ndabweretsa chosinthira.

Ndidagwira nsaluyo, monga ndachitira kambirimbiri pa ntchito imeneyi. Idali yozizira. Ndidatsegula dzanja lawo pang'onopang'ono kuti ndisawadzutse, ndipo mudatsala kamwala kakuda kokha.

"Si zimenezo ayi," ndidamuuza. "Ndi Mer de Glace."